Timipira Toyera Kuseri kwa Miyala Yofiira

Fungo la oyilo wakuda wa m'galimoto akamawombedwa ndi dzuwa pamchenga limandibwezera kumudzi kwathu, kufupi ndi Mandimba, m'chilimwe choyamba titabwerako ku Malawi. Ena akamva fungo limeneli amaganiza za kugalaja. Ine ndimaona bambo anga atagwada kumapeto kwa bwalo, akusakaniza mchenga wa kumtsinje ndi oyilo wotha ntchito amene anapempha kwa oyendetsa makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu aja, kumalire, n'kumasalaza ndi thabwa. Pakati pa mchengawo anakumba kadzenje, naikamo chitini cha mkaka. Nyumba yathu inali yofolera mbali imodzi yokha, nkhokwe tinalibe, koma bwalo la gofu tinali nalo. Mayi ankati anakwatiwa ndi wamisala, ndipo ine, kamtsikana kogweluka mano, ndinkawavomereza chamumtima.

Zaka za nkhondo bambo sankakhalitsa nafe kukampu ya othawa kwawo. Anapita ku Zomba, kumene ankanyamulira azungu ndi amwenye zikwama za ndodo pabwalo la gofu. Tsono pobwerera kwathu, anzawo anakweza m'galimoto malata, njinga ndi mawayilesi, koma iwo anabwera ndi ndodo imodzi yachitsulo ya mutu wopendekeka, ndi thumba la timipira toyera timene ankatola m'tchire eni ake akatitaya. Timipirato tinali tolimba gwa, ta timaenje thupi lonse ngati nkhope ya munthu amene anadwalapo nthomba. Ndodoyo, iwo ankatero, sinali yomenyera kutali ayi. Inali ya pafupi ndi dzenje, pamene masewero onse amapindulira kapena kuwonongekera.

Kungodutsa pang'ono pa chitini chija panali mzere wa miyala yopaka utoto wofiira. Kuseri kwa miyalayo kunali munda wathu wakale, wa mango atatu aakulu ndi chulu pakati, koma palibe ankapondako chifukwa munali mina, mabomba aja okwirira pansi odikira phazi la munthu. Moto wolusa unali utadutsamo, nthaka ili bii ndi phulusa, mango akupsa n'kumagwa okha, ife tikungomeza malovu. Amene ankaudziwa bwino mundawo anali Abiti Saidi, mayi wachiyao wa nyumba yoyandikana nafe. Iwo anabwerera msanga kuposa ife, ndipo tsiku lina analowa m'mundamo kukatola nkhuni. Anatulukamo atanyamulidwa, mwendo wamanzere utatsala momwemo. Masana ankakonda kukhala pakhonde lawo atatsamira ndodo zawo zoyendera, akusankha nandolo m'lichero, maso ali kubwalo kwathu.

Achimwene anga a Domingo anafika tili mkati momanga. Ine sindinkawadziwa, chifukwa tsiku limene mudzi unawotchedwa ndinali kumsana kwa mayi, pamene iwo, kamnyamata panthawiyo, anali kudambo ndi mbuzi. Asilikali anawagwira komweko. Makolo anga anawafunafuna osawapeza, ndipo kukampu anawalira maliro mpaka kumeta. Ndiye tangoganizani, masana ena kunja kukutentha, pabwalo pangoima mnyamata wamtali, wowonda, wovala nsapato za chisilikali zopanda zingwe, n'kunena kuti, "Mayi, ndabwera." Mayi anagwa pansi. Akuluakulu anachita zonse zoyenera munthu wochokera kunkhondo. Anawotcha zovala zawo kupatula nsapato zija, anawasambitsa mankhwala kumtsinje, nawauza kuti asacheuke pobwerera. Thupi linasambadi, koma manja aja mankhwala sanawafike.

Woyamba kuwalawa anali galu wathu Tigre. Anangonunkhiza mbale yawo basi. Achimwene anadzuka, anatola munsi pamtondo, naukweza ndi manja awiri mpaka kupitirira mutu, msana utapindikira kumbuyo, n'kuutsitsa kamodzi kokha. Ndinamva kuti khoo, ndipo galuyo sanalire n'komwe. Miyendo yake inkangopalasa fumbi, magazi akutuluka m'makutu. Achimwene anabwezera munsiwo pamalo pake nakhala pansi kumaliza kudya. Chimene chinandiopsa kwambiri si magaziwo ayi, koma maso awo. Sanali okwiya. Anali ngati a munthu amene akuwaza nkhuni.

Wachiwiri ndinali ine. Masana ena ankawodzera pansi pa mtengo wa mbawa, ndipo ine mwachibwana ndinawanyang'amira kumbuyo kuti ndiwatseke m'maso. Sindinadziwe kuti ndafika bwanji pakhoma. Ndinangozindikira msana wanga wagunda njerwa, dzanja lawo lili pakhosi panga, mapazi anga ali lende osafika pansi. Kumaso kunayamba kuda. Mayi ndi amene anawatsanulira ndowa yonse ya madzi kumutu, ndipo anandisiya ndigwe ngati thumba. Kwa sabata yathunthu ndinkameza phala movutikira, zala zawo zili zolembeka pakhosi panga.

Tsiku lomwelo mayi anamanga chitenje chawo cha kapulana m'chiuno n'kuima pamaso pa bambo. Anati mwanayo apite kwa amalume ku Cuamba, akakhale kutali ndi ana, asanaphe munthu pakhomo pano. Bambo anali akupukuta mutu wa ndodo yawo ndi kansanza.

"Ndinamulira kale kamodzi," anatero. "Undipatse mpaka mvula igwe. Manja ake akapanda kufewa, ndikamkweza ndekha shapa, kabasi ka ku Cuamba."

Apa m'pamene ndinadziwa chifukwa chake bambo anathira mchenga ndi oyilo nyumba isanathe. Madzulo alionse, tikaweruka kofolera ndi koumba njerwa, ankaimika achimwene chapafupi ndi chitini, mtunda woti munthu ungalavulire kawiri n'kufika. Lamulo linali limodzi. Kampira katere pamchenga, kagubuduke, kaime pafupi ndi dzenje. Kakadutsa miyala yofiira ndiye kuti kapita, chifukwa palibe angakatole. Kumabwalo a ku Zomba munthu akamenyetsa ankangotaya chigoli, koma kwathu kunalibe zobwereza.

Bambo ankaphunzitsa modekha ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala. Ankati ndodo uigwire monga ugwirira mwanapiye, wosamufinya, wosamutaya. Thupi ulitsamize pa mwendo wakutsogolo. Maso asakhale pa dzenje, akhale pamalo pamene ukufuna kuti kampira katere, ndipo pamalopo ankaikapo tsamba la mango. Chachikulu koposa chinali chakuti mtunda suchokera mu mphamvu ya mkono. Umachokera pamene ndodo yalekezera ukamaikweza kumbuyo. Ukafuna pafupi, ifike m'bondo. Ukafuna patsogolo pang'ono, ifike m'chiuno. Kutsika kwake kukhale kumodzimodzi nthawi zonse, kosathamanga, kosazengereza, ndodo igwe yokha ndi kulemera kwake. Kupitirira m'chiuno, pabwalo lathu laling'onolo, kunali kutaya kampira dala.

Vuto n'lakuti munthu sadziona kumbuyo. Choncho ntchito yanga inali kunyonyomala chapambali, patali ndithu ndi achimwene, n'kumafuula pamene ndodo yafika. "Bondo!" "Chiuno!" Ndinazolowera mpaka pakamwa pankayankha pokha maso asanamalize kuona, ndipo ndinkafuulira ngakhale mayi akamalima ndi khasu, iwo n'kumandithamangitsa ndi chibuluma. Nanenso ndinkamenya, ndipo ndisaname, ndinkatha. Timanja tanga topanda mphamvu tinkatumiza kampira pa tsamba lenilenilo, kakagubuduka n'kukagogoda chitini. Bambo ankaseka n'kunena kuti mwana wamkaziyu akanabadwira ku Zomba akanawalanda azungu mbale zawo zasiliva.

Kwa achimwene zinali zina. Ankayamba bwino, ataweramira kampira, milomo italumana. Koma ndodo ikangoyamba kukwera, china chake chinkawalanda manja. Ine n'kufuula kuti "Mutu!" ndipo kampira kankalira tswii, kudutsa chitini, kudutsa miyala, kukagwa kutali paphulusa. Nthawi zina ankaphonya kampira n'kukumba nthaka, dothi n'kutiwaza kumaso. Akatero ankamenya pansi mobwerezabwereza mpaka thukuta kamukamu, ndipo tsiku lina anatembenukira mtondo wa mayi n'kuung'amba pakati. Bambo sankakalipa. Ankadikira kuti mkuntho udutse, n'kupisa dzanja m'thumba, n'kuika kampira kena pansi. Thumba linkaphwa, ndipo munda wakuda uja unkachita mawangamawanga oyera.

Komabe zinthu zinkasuntha, ngakhale pang'onopang'ono. Nyenje zitayamba kulira m'mitengo, masuku atayamba kupsa kuphiri, ndinayamba kufuula kuti "Phewa!" m'malo mwa "Mutu!" Kenaka madzulo ena ndinafuula kuti "Chiuno!" ndipo ndinadabwa nawo mawu angawo. Kampira kanakwera pang'ono, kanatera pambali pa tsamba, kanayenda pamchenga wakuda uja kakusiya kanjira, n'kuima pakamwa penipeni pa chitini. Achimwene anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka, kuseka kosweka ngati kwa munthu amene waiwala kasekedwe, ndipo ndinaona koyamba kuti anali ndi mpata wa mano ngati wanga. Mayi anasuzumira kuchokera kukhitchini n'kubwereranso msanga, akupukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana. Tsiku limenelo ndinawakonda achimwene anga, ndipo ndinapemphera kuti mvula ichedwe.

Koma mvula sinkamva za ine. Mitambo inayamba kuunjikana chakumapiri a ku Ngauma, anamzeze akuzungulira mmwamba, kutentha kuli kothina pakhosi. M'thumba munatsala kampira kamodzi. Bambo anakagwira kanthawi, nakaika pansi. Achimwene anamenya bwino ndithu, ndodo inafika m'chiuno, koma kampirako kanatera pa kamwala kobisika mumchenga, kananjanja, n'kudumpha mzere wofiira ngati kachita dala. Kanakaima paphulusa, patali pang'ono ndi miyalayo. Bambo anapinda thumba lopanda kanthu lija n'kunena kuti basi, masewero atha.

Achimwene anayenda ndodo ili m'manja, nadumpha miyala yofiira ija ngati akudumpha mzere wa mbatata. Mayi anakuwa. Bambo sanawaitane, chifukwa kumuitana munthu ali mmenemo kukanatha kumutembenuza molakwika. Ine ndinatseka makutu kudikira kuphulika, koma maso anakana kutseka, ndipo ndinaona zonse. Sankayenda mwamantha ayi. Ankapita molunjika, kenaka n'kukhota popanda chifukwa chooneka, kulambalala malo oyera opanda chitsa kapena mwala. Pafupi ndi chulu anazungulira patali. Pansi pa mango wapakati anatambasula mwendo n'kulumpha. Ankakoka timipira ndi mutu wa ndodo, kutola, n'kuika m'malaya amene anawapinda pamimba. Anatola tonse, natuluka potulukira pena, nakhuthulira timipirato pamapazi a bambo, nkhope ikuwala ngati mwana amene wabwera ndi nkhuni zambiri.

Woyamba kulankhula anali Abiti Saidi. Anali atadzikoka mpaka kumpanda kwathu, atakoleka m'khwapa ndodo zawo, nandolo zitamwazika m'njira monse. Sanakweze mawu.

"Che Domingo, njira mwaidziwa bwanji? Ine ndinaifuna njirayo, sindinaipeze."

Ndinaona nkhope ya bambo ikusintha pang'onopang'ono. Anayang'ana mwendo umodzi wa Abiti Saidi, anayang'ana munda, nayang'ana mwana wawo. Bambo anga, amene sindinawaonepo akumenya ngakhale nkhuku, anagwira achimwene pakolala ndi manja awiri n'kuwagwedeza.

"Mina unakwirira ndiwe? M'munda wa amako? Iwe, ndiyankhe!"

"Asilikali anatiuza kuti wokana amukwirira iyeyo, bambo."

Mwina bambo sanamve, mwina anamva koma dzanja linali litanyamuka kale. Mbama inalira phaa, ina n'kutsatira, ndipo mlomo wa achimwene unang'ambika. Pamenepo maso aja anabwerera, maso a tsiku la Tigre, opanda mkwiyo, opanda munthu mkati. Achimwene anakankha bambo pachifuwa, anabwerera phazi limodzi, nagwira ndodo ndi manja awiri. Bambo anali ataima poyera, chipewa chitagwa, mutu wawo wa dazi uli pafupi. Ndodo inapita kumbuyo, ndipo pakamwa panga, popanda ine kufuna, panafuula kuti "Chiuno!"

Chitsulo chinatsika n'kukumana ndi msongolo wa bambo. Phokoso lake linali la nthambi youma ikamathyoka. Bambo anagwera pamchenga wawo wa oyilo, mwendo utapindika pamalo posapindikira, fupa loyera litaboola khungu. Magazi ankayenda pamchengapo osalowa pansi chifukwa cha oyilo, mpaka anakadontha m'chitini. Mayi anandiwomba khofi la kumbuyo kwa dzanja, ati ndikuchita masewera bambo anga akufa, kenaka anadziponya pa bambo akulira mokuwa. Achimwene anaponya ndodo pansi ngati yawaotcha, nathawira kumtsinje. Anthu anathamanga kuchokera m'nyumba zonse, ena atanyamula zikwanje, koma bambo, mano ali gwa ndi ululu, anawaletsa kumulondola. Anawamanga mwendo ndi nsungwi ndi luzi, nawakweza panjinga, amuna awiri akuwagwirizira uku ndi uku mpaka kuchipatala ku Mandimba.

Kutacha ndinatuluka kukataya madzi, ndipo ndinapeza timipira tija palibe pabwalo. Nditakweza maso ndinationa. Tinali titabwerera m'munda, koma osati chimwazemwaze ngati kale. Kalikonse kanali pakokha, kokhazikidwa bwino paphulusa, kena pafupi ndi chulu, kena pansi pa mango wapakati, tina m'malo oyera aja opanda chitsa. Mapazi a nsapato za chisilikali anatuluka m'mundamo n'kulunjika kumsewu wa ku Cuamba. Ndinalira ndi ukali. Ndinkati munthuyu kuthyola bambo mwendo sikunamukwane, wawatayiranso timipira tawo kuti asadzasewerenso. Madzulo ake mvula yoyamba inagwa, yamphamvu, ndipo inakokolola mchenga, oyilo ndi magazi omwe.

Bambo anabwerako patapita milungu, mwendo uli m'chikhakha. Tsiku lina mayi ali kumadzi anandiitana pamphasa pawo.

"Luwiza, tsiku lija unafuula kuti chiyani?"

Ndinaopa kuti andikalipira, koma ndinanena zoona, kuti ndinati chiuno.

"Unaonetsetsa? Sinapitirire?"

Ndinati sinapitirire. Bambo anagwedeza mutu, natembenukira kukhoma, mapewa awo akunjenjemera. Ine ndinaganiza kuti mwendo wayambanso kuwawa, ndipo ndinapita kukawatungira madzi akumwa.

Ochotsa mina anafika chilimwe chotsatira, atavala zotchinga pachifuwa ndi kumaso. Bambo anawauza kuti asamale paliponse pamene apeze kampira koyera. Iwo anagwira ntchito yawo mwa njira yawo, chogwada, pang'onopang'ono, koma pambali pa kampira kalikonse anapezadi mina. Anapezanso ina kumapeto kwa munda yopanda chizindikiro, kaya timipira tinatha, kaya anakwirira ndi ena. Abiti Saidi anapempha kampira kamodzi, ndipo sindinadziwe ngati anakasunga kapena anakaponya m'chimbudzi. Munda tinalima, mango tinadya. Achimwene sanabwerenso kudzakhala pakhomo. Ali ku Cuamba mpaka lero, amakonza njinga pafupi ndi siteshoni ya komboyo, sitima yapamtunda ija, ndipo tikakumana timakamba za mitengo ya chimanga ndi matenda a ana.

Bambo anatsimphina mpaka tsiku la imfa yawo. Zaka zonse za utsikana wanga ndinkati ndikaona kuyenda kwawoko mtima unkandiwawa, ndipo ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha, chakuti mayi ananena zoona, bambo analephera, mvula inagwa manja aja asanafewe. Ndinali nditakula, ndili ndi ana anga, pamene tsiku lina ndikusinja ndinakweza munsi n'kukumbukira Tigre, ndi pamene munsi unafika tsiku lija. Manja amenewo anaphunzitsidwa kutchire kukwera mpaka kupitirira mutu ndi kutsika kamodzi kokha, ndipo mutu wa bambo unali pomwepo, wopanda ngakhale chipewa. Ndinaika munsi pansi n'kukhala pamtondo. Pabwalo lonse lija, ine ndekha ndi amene ndinaona pamene ndodo inalekezera, ndinafuula ndi pakamwa panga, koma amene anamva tanthauzo lake anali bambo okha.